Koyilo ya Pabalaza

Amuna anga amakulunga mamota. Mota ya pampu ikapsa, kaya ya firiji, kaya ya makina ocheka matabwa, anthu amainyamulira kushopu kwawo. Iwo amasolola waya wopserera uja, n'kukulungamo wina watsopano wa kopa, mzere pa mzere, mpaka motayo iyambenso kulira. Mumsewu mwathu monse amawatchula kuti aKoyilo, poti waya wokulungidwa choncho amatchedwa koyilo, ndipo dzinali amalinyadira kuposa limene anawapatsa makolo awo. Ndi munthu wabwino, sindikana. Koma ali ndi chikhulupiriro chimodzi chimene ndalimbana nacho mpaka ndatopa: chinthu chilichonse chikavuta, kwa iwo ndiye kuti mizere yachepa. Akamanga phukusi loti nditumize kwa achemwali, wolandirayo amachita kufunafuna mpeni.

Chaka chatha chimene chinavuta chinali banja la makolo anga.

Makutu a Ababa anayamba kufooka, koma ankafooka mokondera. Galimoto yotola zinyalala ikalowa mumsewu, ankaimva. Chitseko chikamenyetseka, ankatembenuka. Mkamwini wawo aKoyilo, amene mawu awo ndi besi yeniyeni, akangotsokomola pakhonde, Ababa ankati, "Lowani." Ine ankandimva bwinobwino, poti mawu okhuthala ndinatengera iwo omwewo. Koma Amayi, amene mawu awo ndi opyapyala chiyambire utsikana wawo, ankatha kulankhula ataima pafupi ndi mpando wawo, Ababa n'kumangotembenuza nyuzipepala.

"Si kugontha kumeneku," Amayi ankandiuza. "Ndi mwano. Munthu wogontha amagontha kwa aliyense."

Kuchipatala anatiuza kuti makutu a munthu wokalamba amayamba kutaya mawu opyapyala, okhuthala n'kutsalira. Amayi anati dokotalayo nayenso ndi mwamuna, akanati chiyani. Achipatalawo anawapatsa Ababa kachipangizo kovala kukhutu, kopindika, kamene iwo anakatcha kankhono. Kankhonoko kankakuza chilichonse mosasankha: masupuni, fani, ana a pakhomo loyandikana. Mawu a Amayi ankamira m'phokosomo, ndipo Ababa ankangokachepetsa kuti mutu usawapweteke.

Tsiku lina ndinawapeza Amayi akupinda madiresi awo pabedi. Anandiuza mosakweza mawu kuti alankhula ndi achimwene anga, amene ali ndi chipinda chopanda munthu kunyumba kwawo, ndipo abwera kudzawatenga Loweruka.

"Ndatopa kulankhula ndi mpando," anatero. "Kumeneko kuli adzukulu. Ndikawakalipira, adzandiyankha."

Ndinachita mantha kwambiri. Amayi akakuwa, zimatha. Akanena chinthu motsitsa chonchi, ndiye kuti chachitika kale. Ababa sadziwa ngakhale komwe kumakhala machesi m'nyumba mwawo momwe, koma si zimenezo zimene zinkandiwawa. Anthu awiriwa akhala akukangana mokoma kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo ndinkadziwa kuti akasiyana, aliyense adzafota payekha.

Ndinabwerera kuchipatala kukadandaula. Mayi woyeza makutu anandionetsa kaswichi kuseri kwa kankhono kofanana ndi ka Ababa. Anati m'kati mwake muli kakoyilo kakang'ono, ndipo munthu akazunguliza waya m'chipinda n'kumulumikiza ku maikolofoni ndi ku ampulifaya, makina okuza mawu, wovalayo amangotembenuza kaswichiko n'kumamva mawu a pamaikolofoni okhaokha, opanda phokoso lina. Anati waya wozungulira chipinda. Sananene kuti azungulire kangati, ndipo mpata umenewo ndi umene amuna anga analowera.

Nditawafotokozera tikudya, anaika supuni pansi. Munthu amene sasiya chakudya ngakhale nyumba itagwa anaimirira n'kuyamba kuyeza makoma ndi maso.

"Koyilo yaikulu ngati chipinda," anatero chapansipansi, ngati akupemphera.

M'mawa mwake tinapita kwa makolo anga, iwo atanyamula chikwama chawo cha zida. Anati sangayambe ntchito apongozi awo asanamvetse, poti munthu sumuzunguliza ndi waya osamuuza chifukwa. Anayala patebulo koyilo yaing'ono, maginito ochotsa m'sipika yakufa, ndi mita yawo yakale ya singano, yoyezera magetsi.

"Taonani, apongozi," anauza Ababa. "Waya uyu ndangomuzunguliza. Mulibe batire, mulibe chilichonse. Singano ili phee."

Analowetsa maginito aja m'koyilomo mwachangu, singano n'kulumpha. Atawasiya momwemo, singano inabwerera pamalo pake.

"Zatha?" anafunsa Ababa.

"Sizinathe. Maginito akangokhala, magetsi sabadwa. Amabadwa pokhapokha mphamvu ya maginito ikamasintha, kubwera, kupita, kukula, kuchepa." Anawasolola, singano n'kulumphira mbali inayo.

Amayi anali ataima pakhomo la kukhitchini, manja atapinda. "Ndiye kuti ngakhale chitsulo chikangokhala duu chilibe phindu," anatero akuyang'ana Ababa.

Ababa sanamve. Anali kalikiliki kulowetsa ndi kutulutsa maginito aja, akusekerera singano ngati mwana.

Amuna anga anapitiriza. Anati nkhaniyi imayendanso chobwerera: magetsi akamayenda m'waya, nawonso amabala mphamvu ya maginito. Munthu akalankhula pamaikolofoni, magetsi a m'waya wozungulira pabalaza azivina motsatira mawu ake, mphamvu ya maginito m'chipindamo izivinanso chimodzimodzi, ndipo kakoyilo ka m'kankhono kazitola mawuwo m'malere, popanda chingwe chopita kukhutu.

"Ndiye kuti tizikhala m'kati mwa mota?" anafunsa Ababa.

"Eya, apongozi, koma inu simuzizungulira."

Tinasuntha kabati, mipando, ndi tebulo la wailesi. Ine anandipatsa ntchito yogwira mpukutu wa waya nditautunga pa ndodo ya tsache, iwo n'kumazungulira chipinda atawerama, waya ali m'manja. Kutsata m'munsi mwa khoma, kukwera pamwamba pa chitseko, kutsika, kudutsa pansi pa zenera, kufika pomwe anayambira, n'kuyambiranso. Atazungulira kangapo ndinati zakwana. Iwo anangopitiriza kuzungulira. Munthu uja akayamba kukulunga, maso ake amasintha, lilime limatuluka pang'ono pambali pa kamwa, ndipo ukhoza kumuuza kuti shopu yake ikupsa, iye n'kukuyankha kuti umudikire amalize mzere. Manja anga anachita dzanzi. Mpukutu unatha, anatulutsa wina.

Kunena zoona, inali ntchito yokongola. Mizere inagona moyandikana, yopanda ndi umodzi womwe wokwera pa unzake. Anaimanga ndi ulusi m'makona, n'kuipaka vanishi mpaka inawala ngati chibangili. Oyandikana nafe anabwera kudzasuzumira pazenera, ndipo wina anafunsa ngati ndi njira yatsopano yothamangitsira makoswe.

Kenako inafika nthawi yoyesa. Ababa anakhala pampando wawo, ine n'kuwatembenuzira kaswichi kaja. Amuna anga anatenga maikolofoni, anapita pakona, n'kutembenukira kukhoma kuti Ababa asaone milomo.

"Apongozi, mukundimva?"

Ababa anadzidzimuka mpaka nyuzipepala inagwa. "Mkamwini! Muli m'mutu mwanga!"

Tinaombera m'manja. Ine ndinayesa, ndipo anandimva, ngakhale anati ndikumveka ngati ndadwala chimfine. Ndiye tonse tinatembenukira kwa Amayi. Anakana kaye, monga mwa khalidwe lawo, kenako anapukuta manja pa epuloni, anakonza mpango, n'kugwira maikolofoni ndi manja awiri. 

"Bambo inu," anatero. "Tiyi wanu wazizira."

Ababa anapendeketsa mutu. Anatsinzina. Anayesetsa, ndinawaona ndi maso anga kuti anayesetsa.

"Pali amene akulankhula?" anafunsa. "Ndikumva ngati munthu ali m'bulangeti."

Akanangonama! Koma Ababa bodza salidziwa, ndipo tsiku limenelo ndinawakwiyira chifukwa cha chilungamo chawocho. Amayi anaika maikolofoni patebulo pang'onopang'ono.

"Mwaona?" anatero. "Ngakhale makina avomereza." Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko.

Ndinayang'ana amuna anga. Anali akukanda chibwano, akuyang'ana khoma, ndipo ndinadziwa zimene ati anene asanatsegule pakamwa.

"Mizere yachepa."

M'mawa mwake anabwera ndi mipukutu ina. Ine ndinakana kugwira ndodo ya tsache, ndiye Ababa ndi amene anaigwira, osadziwa kuti akuthandiza kudzikumbira dzenje. Waya anakhuthala mpaka chitseko cha pabalaza chinasiya kutsekeka bwino. Titayesa, besi ya amuna anga inkamvekabe, koma tsopano ngakhale ine Ababa anati ndalowa m'bulangeti muja. Amayi sanatuluke n'komwe. Tinkangomva zipi ya sutikesi ikulira kuchipinda.

Lachisanu ndinapita kushopu nditalusa. Ndinali nditakonza mawu onse m'njira, oyamba, apakati ndi omaliza. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi konunkha vanishi, kodzaza mamota ong'ambidwa, kopanda pokhala kupatula chitini cha penti chovundikira. Ndinawapeza atalowetsa mutu m'chisipika chachikulu cha kuholo ya maukwati, akumangirira koyilo yonenepa kuseri kwake.

"Amayi akuchoka mawa, inu muli pano kukulunga za anthu ena!" ndinayamba choncho. "Ndiye chimenecho n'chachiyaninso? Sipika nayonso yachepa mizere?"

Cholakwika changa chinali kufunsa funso, chifukwa munthu uja funso la waya amaliyankha ngakhale lifunsidwe mwachipongwe.

"Iyi ndi sefa, mayi," anatero mutu uli m'bokosi momwemo. "Koyilo ili ndi khalidwe lake. Siifuna kusintha. Magetsi akafuna kukwera, mphamvu yake ya maginito imawakankha kuti asakwere msanga. Akafuna kutsika, imawakoka kuti asatsike msanga. Ndiye mawu a besi, poti amasintha pang'onopang'ono, imawalola kudutsa. Koma mawu opyapyala amanjenjemera mwachangu kwambiri, ndiye imawatsekereza. Mizere ikachuluka, kutsekerezako nakonso kumakula. Sipika yaikuluyi ndi ya besi yokha, ndiye ndaiikira koyilo yambiri kuti…"

Anasiyira pomwepo. 

"Pitirizani," ndinatero. "Kuti chiyani?"

"Kuti mawu opyapyala asafike."

"Mawu ngati a ndani?"

Anatulutsa mutu pang'onopang'ono, ulusi wa kangaude uli pachipewa. Anakhala pachitini cha penti paja, sikuludiraiva ili lende m'manja.

"Ndawasefa Amayi," anatero.

Mawu onse amene ndinakonza m'njira anathawa. Ndinafuna kuwakalipira, koma nkhope yawo inali ya munthu amene walumidwa ndi galu wake yemwe, ndipo ndinayamba kuseka mpaka ndinatsamira mota ya pampu n'kudetsa siketi. Iwo sanaseke. Anali akuwerengera mumtima ntchito imene inali kutsogolo, ndipo inali ntchito imene sanaichitepo chibadwire: kumasula waya wawo wosapsa.

Loweruka m'mawa tinalawirira. Amayi anatitsegulira. Sutikesi inali kale pakhonde, ambulera atagona pamwamba pake.

Kumasula kunali kowawa kuonerera. Vanishi ankasweka n'kumagwa ngati makoko a dzira, ndipo amuna anga ankabuula pa mzere uliwonse. Tsopano ankazungulira chobwerera, ine ndikukulunga waya pa ndodo ya tsache, ndipo ndivomere kuti ntchitoyi ndinaigwira mosangalala.

"Tisiyeko pang'ono, mayi," anandipempha titafika pakati. "Yongokongoletsa."

"Masulani."

"Anthu adzati chiyani akamva kuti aKoyilo anasiya waya wochepa chonchi?"

"Adzati apongozi awo akadali pabanja. Masulani."

Pamapeto pake anachotsa waya yense wopyapyala uja n'kuikapo wonenepa, wozungulira kochepa kwambiri mwakuti iwo eni anachita manyazi kumuyang'ana. Analumikiza, anayatsa ampulifaya, nyali yake yofiira n'kuyaka. Koma Ababa, amene anatembenuza kaswichi kawo kalekale kuti akhale okonzeka, anali atawodzera pampando, pakamwa pali yasa, ndipo palibe amene analimba mtima kuwadzutsa.

Ndinatengera Amayi maikolofoni.

"Chotsa chinthu chimenecho," anatero. "Manyazi ndinachita kale. Kawiri ayi."

Ndinaibweza patebulo. Amuna anga anatuluka ndi mtolo wawo wa waya kukaulirira kubwalo. Amayi anabwera ndi kabasiketi ka mankhwala a Ababa, anakhala patebulo pomwepo, n'kundikodola kuti ndikhale pafupi. Anayamba kundilangiza motsitsa mawu, akuika mabotolo pamzere, maikolofoni ili pambali pa chigongono chawo. Ine ndinaona nyali yofiira ija ikuyakabe, koma ndinatseka pakamwa.

"Awa oyerawa ndi a m'mawa, atadya. Akakuuza kuti amwa kale, uyang'ane pansi pa khushoni, amabisa pamenepo. Tiyi usawapatse wotentha kwambiri, amamwa mothamanga n'kupsa lilime, ndiye tsiku lonse amadana ndi dziko. Zikhadabo za kumapazi sangathe kuwenga okha, ndipo sangakuuze. Uzingobwera ndi beseni, osafunsa." Anaima pang'ono, n'kupukuta botolo limene linali loyera kale. "Kukazizira uziwaveka juzi yobiriwira ija. Akana, koma uziwaveka basi. Chifuwa chawo n'chosalimba, ngakhale amadzionetsa ngati chitsulo."

"Juzi imeneyo imandiyabwa."

Mawuwo anachokera kumpando. Ababa anali atatsegula maso, akuyang'ana kudenga, osati kwa ife.

Amayi anauma botolo lili m'manja.

"Imandiyabwa m'khosi," Ababa anatero. "Ndimavala chifukwa munaluka ndinu. Ndipo pansi pa khushoni ndinasiya kale kubisa. Pano ndimabisa m'nsapato."

Palibe amene anaseka. Amuna anga anali ataima pazenera, waya ali paphewa, maso ali tong'o.

"Mwamva zonse?" anafunsa Amayi. Mawu awo anatuluka opyapyala kuposa masiku onse.

"Zonse, mpaka za zikhadabo." Ababa anatembenuka tsopano n'kuyang'ana Amayi. "Mayi inu, ndinkaona milomo yanu ikuyenda, ine n'kumangoganizira. Mukakwinya nkhope, ndinkadziwa kuti ndaganiza molakwika. Ndiye ndinayamba kubisala m'nyuzipepala, poti kufunsa kuti 'mwati chiyani' tsiku lonse kumachititsa manyazi. Mawu anu ndinawasowa kwambiri. Tanenani china."

"Ndinene chiyani?"

"Chilichonse. Ndikalipireni."

Amayi anayang'ana maikolofoni, anayang'ana ine, kenako anaikoka n'kuiika patsogolo pawo. Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango mwachangu, ngati akuchotsa kachitsotso.

"M'nsapato?" anatero. "Mankhwala a mtima, m'nsapato? Munthu wamkulu, wa imvi mbuu, wa adzukulu! Ndiye ine n'kumadabwa kuti masokosi akutuluka oyera bwanji!"

Ababa anatsamira kumbuyo, anatsinzina, n'kumwetulira ngati munthu amene akumvera nyimbo imene ankavina ali mnyamata. Misozi inkatsikira m'makutu, iwo osaipukuta.

"Pitirizani," anatero.

Anapitiriza. Ananena za mpopi wa kubafa umene amausiya ukudontha, za alendo amene amawaitana osawauza, za tsiku limene anawasiya pamalo okwerera basi chifukwa sanamve akuwaitana. Pa mlandu uliwonse Ababa ankayankha, pena kuvomera, pena kukana, ndipo akakana Amayi ankakwezanso mawu, nkhope yawo ikuwala. Ine ndinalira poyera, osabisa, ndipo mpaka lero sindichita nazo manyazi.

Achimwene anafika nkhani ili pakati. Anaima pakhomo makiyi a galimoto ali m'manja, akuyang'ana Amayi akukalipa pamaikolofoni, Ababa akulira mosekerera, ndi mlamu wawo atakumbatira mtolo wa waya.

"Amayi, tinyamuke?" anafunsa mokayika.

Amayi anaphimba maikolofoni ndi dzanja n'kutembenuka.

"Iwe, sukuona kuti ndikulankhula ndi abambo ako? Bwerera. Ndili ndi za zaka zambiri zoti ndiwauze, ndipo ndangoyamba kumene."

"Chotsani dzanjalo, mayi," anatero Ababa. "Nazonso ndikufuna ndimve."